Injini ina mu lole yakale: mbiri ya ntchito yomwe timaipeputsa

 Lero ndati tikambeko za ntchito ina imene ambiri timaitenga ngati chizindikiro cha umphawi: kugwetsa injini mu lole yakale n'kumangamo injini ya dizilo ya mtundu wina. Tikaona lole yolembedwa dzina lina kutsogolo koma m'kati mukulira injini ya kampani ina, timaseka n'kumati eni ake ndalama yogulira yatsopano idawavuta. Mbiri sikugwirizana nafe pamenepa. Ku America ndi ku Britain injini ya dizilo sidalowe mu lole kudzera ku fakitale yopanga malole. Idalowetsedwa ndi amakaniko amene ankachotsa injini yomwe lole idabadwa nayo n'kuikamo ina. Ndipo chimene anthu amenewo adaphunzira, ena imfa itawanunkhiza, n'chakuti injini sisinthidwa yokha.

Injini imene msewu unkaikana

Rudolf Diesel adaonetsa injini yake yoyamba yogwira ntchito bwino mu 1897, mu mzinda wa Augsburg ku Germany. Nzeru yake anzathu a sayansi amaiphunzitsa chaka ndi chaka: mpweya ukaupanikiza kwambiri umatentha. Mu injini ya petulo mafuta ndi mpweya zimalowa pamodzi mu silinda, ndipo pulagi ndiyo imayatsa moto. Mu injini ya Diesel mumalowa mpweya wokha, pisitoni n'kuufinya mpaka utatentha koopsa, kenaka mafuta amapoperedwamo n'kuyaka okha popanda pulagi. Chifukwa cha kufinya kwakukuluko, injiniyi imagwira ntchito yambiri pa lita imodzi ya mafuta kuposa inzake ya petulo.

Koma kufinya komweko kunkafuna zitsulo zochindikala. Injini ya mu 1897 idali ya silinda imodzi, yaitali kuposa munthu, yolemera matani angapo, koma mphamvu yake idali pafupifupi 20 horsepower basi. Kuwonjezera apo, mafuta ankakankhidwira mu silinda ndi mpweya wochokera ku kompuresa yapadera, katundu winanso wolemera. N'chifukwa chake kwa zaka zoposa 20 malo ake adali m'mafakitale, m'nyumba zopangira magetsi ndi m'sitima za pamadzi. Diesel mwini wake adamwalira mu 1913, atasowa usiku m'sitima yochokera ku Antwerp kupita ku England, asadaone injini yake ikunyamula katundu mu lole.

Ajeremani ndiwo adayamba kuichepetsa thupi. Kampani ya Benz idatulutsa lole ya dizilo mu 1923, ya MAN idaonetsa yake mu 1924, ndipo mu 1927 kampani ya Bosch idayamba kupanga mochuluka pampu yaing'ono yopopera mafuta popanda kompuresa ija. Kumeneko tinganene kuti injini ya dizilo idalowera pakhomo. Ku America idachita kulowera pazenera, chifukwa petulo adali wosadula ndipo opanga malole sankaona chifukwa chosiyira injini zimene ankazidziwa kale.

Dalaivala wa mwini banki

Clessie Cummins adabadwa mu 1888 m'chigawo cha Indiana. Adali mwana wa kumudzi amene sukulu adalekezera giredi 8. Adalembedwa ntchito yoyendetsa galimoto ya William G. Irwin, mwini banki m'tauni ya Columbus m'chigawo chomwecho. Bwanayo ataona luso la mnyamatayo pa zitsulo adamuthandiza kutsegula malo ake okonzera makina, ndipo mu 1919 adaika ndalama zake m'kampani yatsopano ya Cummins Engine Company.

Zaka 10 zoyamba zidali zowawa. Tinjini tating'ono toyamba tinkagulitsidwa kwa alimi kudzera ku kampani ya Sears, imene inkalonjeza kubweza ndalama kwa wogula aliyense wosakhutira. Alimi ambiri ankagwiritsa ntchito injiniyo mpaka ntchito yawo itatha, kenaka n'kukaibweza. Kampaniyo itapeza msika wina, wa injini za maboti a anthu olemera, chuma cha America chidagwa mu Okutobala 1929 ndipo olemerawo adasiya kugula maboti. Irwin, amene adali atathira ndalama zambiri osaona phindu, adayamba kulankhula zotseka.

Apa m'pamene Cummins adachita ntchito yomwe tikukambayi. Adagula Packard yakale, galimoto yaikulu ya mabwana, adagwetsa injini yake ya petulo n'kumangamo injini ya boti ya masilinda 4 yotchedwa Model U. Pa tsiku la Khirisimasi mu 1929 adamukweza Irwin m'galimotomo, ndipo ulendo waufupi umenewo ndi umene udapulumutsa kampaniyo. Paja akulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Injini ya m'madzi idapeza moyo wina pamtunda. Mu Januwale 1930 Cummins adayendetsa Packard ija kuchokera ku Indianapolis mpaka ku New York, mtunda wa pafupifupi makilomita 1,300, ndi mafuta a $1.38 okha. Mu Meyi 1931 galimoto ina yampikisano yoikidwa injini yomweyo idalowa mpikisano wotchuka wa Indianapolis 500. Sidapambane, idakhala pa nambala 13, koma idamaliza mamailosi 500 onse osaima ndi kamodzi komwe, chinthu chimene padalibe galimoto idachitapo.

Zonsezi zidali zokopera anthu a nyuzipepala. Cummins ankadziwa kuti msika weniweni suli pa magalimoto a mabwana. Munthu amene mtengo wa mafuta umamupweteka kwambiri ndi amene amanyamula katundu wolemera mtunda wautali tsiku ndi tsiku, ndiye kuti mwini lole.

Mtsetse wa Cajon

Mu Ogasiti 1931 Cummins adatenga lole yopangidwa ndi kampani ya Indiana, adaikamo injini ya Model U ija, adaisenzetsa katundu, n'kunyamuka ku New York kulowera ku Los Angeles pamodzi ndi anzake awiri, Dave Evans ndi Ford Moyer. Adayenda mamailosi 3,214, omwe ndi makilomita oposa 5,100, m'maola 97 ndi mphindi 20, ndipo mafuta onse adawadyera $11.22. Manambala amenewa ndi amene adalembedwa m'manyuzipepala ndipo ndi amene amatchulidwa mpaka lero.

Koma ulendowu udatsala pang'ono kuthera m'manda. Chakumapeto kwake msewu umatsika kuchokera ku chipululu cha Mojave kulowera ku San Bernardino, podutsa pampata wa mapiri wotchedwa Cajon Pass. Ndi mtsetse wautali, ndipo masiku amenewo udali wa miyala, wodutsana ndi njanji. Monga momwe Cummins adafotokozera pambuyo pake, mabuleki adatentha mpaka kusiya kugwira. Dalaivala wa lole ya petulo zikatero amathawira ku giya yaing'ono kuti injini imugwirire, koma injini ya boti ija sidathe kuigwira lole. Kutsogolo kwawo sitima ya katundu idali ikudutsa msewu. Bogi yomaliza idangoti yachoka panjira, lole nayo n'kuwoloka njanji.

Tiyeni tiime pang'ono pamenepa. Injiniyo idali yabwino, idakoka katundu kudutsa dziko lonse ndi mafuta ochepa kwambiri. Loleyo nayonso idali yabwino. Cholakwika chidali pa ukwati wa ziwirizi: lole idapangidwa ndi anthu amene ankadalira kuti injini ya petulo izithandiza mabuleki pamtsetse, ndipo injini yatsopanoyo ntchito imeneyo sinkaidziwa. Nkhani imeneyi tibwereranso.

Eni malole adatsogola, opanga malole adatsatira

Ulendo uja utatha, makampani opanga malole adakanabe. Mu Disembala 1931 Cummins adaika mu lole injini ina yatsopano, Model H, yopangidwira pamsewu, n'kuizungulitsa bwalo la mpikisano la Indianapolis kwa milungu iwiri osaima. Komabe padalibe wopanga malole wamkulu amene adabwera ndi oda. Tsono adasiya kugogoda kwa opanga n'kupita kwa eni malole. Ku California, kumene mitunda ndi yaitali ndipo mapiri ndi ambiri, kudali kampani ya magolosale yotchedwa Purity Stores, momwe Irwin adali ndi ndalama zake. Mu 1932 malole ake adayamba kuyendera injini za Cummins m'malo mwa za petulo. Eni malole ena ataona kusiyana kwa mabilu a mafuta adachita chimodzimodzi: lole yomweyo, dalaivala yemweyo, injini ina.

Anthu amenewa itakwana nthawi yogula malole atsopano, adayamba kufunsa kuti bwanji tizilipira injini ya petulo imene tikaigwetse tikangofika kwathu? Kampani ya Kenworth ya ku Seattle ndiyo idamva msanga, ndipo mu 1933 idakhala yoyamba ku America kumanga injini ya dizilo mu lole kufakitale komweko. Injiniyo idali ya Cummins. Kampani ya Cummins idapeza phindu lake loyamba mu 1937, patatha zaka 18 chiyambire, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 injini zake zidali zitatenga gawo loposa theka la msika wa malole akuluakulu a dizilo m'dzikomo. Onani dongosolo lake: woyamba adali makaniko, wachiwiri mwini lole wowerengetsa ndalama, ndipo fakitale idabwera pomalizira.

Walira mvula walira matope

Kodi n'chiyani chimene osintha injini oyambawo adaphunzira? Ndi mndandanda womwewo umene makaniko wabwino amautsata lero, kaya akuchotsa ya petulo kapena akuchotsa ya dizilo yotopa kuti aikemo ya dizilo ina.

Choyamba ndi chooneka ndi maso. Injini yatsopano iyenera kukwana pakati pa zitsulo za chassis, miyendo yake iwotcheredwe pamalo atsopano, sampu yake isagunde ekiselo ya kutsogolo, ndipo kumbuyo kwake kulumikizane ndi giyabokosi. Mabowo a mabawuti a makampani awiri kawirikawiri sagwirizana, choncho pamafunika chitsulo chosemedwa mwapadera chokhala pakati. Chikapendekera ngakhale pang'ono, kilatchi ndi mabering'i a giyabokosi zimatha msanga. Injini ikakhala yaitali kapena yaifupi kuposa yakale, shafuti yopita ku difu iyenera kudulidwa kapena kutalikitsidwa, n'kuyesedwanso kuti isanjenjemere. Ikakhala yolemera kwambiri, masipuling'i a kutsogolo amagonja ndipo chiwongolero chimauma. Rediyeta yakale mwina singakwanitse kuziziritsa, ndipo popeza kufinya kwa dizilo n'kwakukulu, sitata ndi mabatire ziyenera kukhala zamphamvu, nthawi zina magetsi a lole yonse n'kusinthidwa kuchoka pa mavoti 12 kupita pa 24.

Chachiwiri ndi samu. Injini zazikulu za dizilo zimazungulira pang'onopang'ono poyerekeza ndi za petulo, ndipo zili ndi gavanala woletsa kupyola malire. Tiyerekeze lole imene injini yake yakale inkazungulira ka 3,200 pa mphindi pamene lole ikuthamanga makilomita 80 pa ola mu giya yomaliza. Mwaikamo injini imene gavanala wake salola kupyola ka 2,400. Mukapanda kusintha china chilichonse, liwiro lalikulu la lole ija latsika kufika pa makilomita 60. Mwana wa Fomu 2 akhoza kuwerengetsa zimenezi pa bolodi. Mankhwala ake ndi kusintha magiya a mu difu kapena kupeza giyabokosi ina. Mukatembenuza nkhaniyi ndiye imaopsa kwambiri: injini yothamanga ikalowa mu lole imene magiya ake adapangidwira injini yodekha, loleyo imafika pa liwiro limene mabuleki ake sadalilotepo. Palinso mphamvu yopotoza shafuti, imene amakaniko amati torque. Injini ya dizilo ili nayo yambiri ngakhale ikuzungulira pang'ono, ndipo ndiyo imawotcha kilatchi, kugulula mano a magiya ndi kuthyola mashafuti a mawilo a kumbuyo zikakhala kuti zidapangidwira injini yofooka.

Chachitatu ndi chija chidatsala pang'ono kupha Cummins. Mu injini ya petulo, dalaivala akachotsa phazi pa moto kachitseko kena kamatseka njira ya mpweya, mapisitoni n'kumavutika kukoka mpweya umene kulibe. Kuvutika kumeneko ndiko kumagwira galimoto pamtsetse. Mu injini ya dizilo ya masiku amenewo njira ya mpweya idali yotseguka nthawi zonse. N'zoona kuti pisitoni imataya mphamvu pofinya mpweya, koma mpweyawo umaikankhanso pobwerera ngati sipuling'i, n'kubweza pafupifupi mphamvu yonse ija. Choncho lole imangotsetsereka, katundu yense n'kutsamira pa mabuleki a m'mawilo, omwe akatentha amaterera. Kachitseko komweko kali ndi ntchito inanso. Kukoka kwa mpweya kumene kamachititsa ndiko malole ambiri a petulo ankagwiritsa ntchito kuthandiza phazi la dalaivala poponda buleki. Mukaika injini ya dizilo thandizo limenelo limachoka, ndipo pamafunika pampu yapadera yokoka mpweya, kapena kompuresa ngati mabuleki ndi a mpweya. Woiwala zimenezi amazindikira ali kale pakati pa phiri.

Cummins sadauiwale mtsetse wa Cajon. Atachoka pa utsogoleri wa kampani yake m'zaka za m'ma 1950 n'kukakhala ku Sausalito ku California, adakhalira pansi vutoli. Yankho lake lidali losavuta kulimva: pamene pisitoni yatsala pang'ono kufika pamwamba ndi mpweya wofinyidwa uja, tsegulani valavu ya ekizozi kuti mpweyawo uthawe usadakankhe pisitoni. Ikatero injini imasanduka kompuresa yomeza mphamvu ya lole. Kampani yomwe idatenga dzina lake sidachite nacho chidwi chipangizochi, ndipo idayamba kuchigulitsa mu 1961 ndi kampani ya Jacobs ya ku Connecticut, imene ntchito yake idali kupanga mitu yogwirira nsonga za madirilo. N'chifukwa chake madalaivala amachitcha Jake brake. Phokoso la mabingu limene mumamva thiraki yaikulu ya ku America ikamatsika Chiweta kapena mapiri a ku Chikwawa ndi mpweya umenewo ukuthawa. Padatenga zaka 30 kuti vuto lobadwa ndi kusintha injini kumodzi lipeze yankho. Cummins adamwalira mu 1968.

Ku Britain: Gardner, Perkins ndi Bedford

Malole ambiri amene makolo athu adayamba kuwadziwa adachokera ku Britain, ndipo kumenekonso nkhani idayenda njira yomweyi. Kampani ya Gardner ya ku Patricroft, kufupi ndi Manchester, inkapanga injini za m'maboti. Pofika mu 1930 kampani ya mabasi ya Barton ya kufupi ndi Nottingham idali itatenga imodzi mwa injinizo, ya 4L2, n'kuimanga m'basi ya mtundu wa Lancia. Zitayenda bwino, a Gardner adatulutsa mu 1931 injini za LW, zopepukirapo, zopangidwira pamsewu. Iwo malole sankapanga. Ankagulitsa injini kwa eni magalimoto ofuna kusintha, ndiponso kwa opanga malole monga Foden, ERF ndi Atkinson.

Amene adasandutsa kusintha injini kukhala malonda aakulu ndi Frank Perkins. Mu 1932, nthawi ya mavuto a zachuma yomwe ija, iye ndi injiniya Charles Chapman adatsegula kampani yaing'ono ku Peterborough. Cholinga chawo chidali kupanga injini ya dizilo yopepuka ndi yozungulira mofulumira, yoti ikwane pamalo pomwe padali ya petulo popanda kusintha lole yonse. Imeneyi idali njira yozembera samu ya magiya ija. Injini yawo ya masilinda 6, yotchedwa P6, idatuluka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili pafupi kuyamba.

Nkhondo itatha mu 1945 asilikali adagulitsa malole ambirimbiri pa mtengo wotsika: a Bedford, a Ford, a Chevrolet, a Dodge. Kampani ya Vauxhall yokha idapanga malole a Bedford pafupifupi 250,000 m'zaka za nkhondo. Pafupifupi onsewa adali a petulo, olimba koma akumwa mafuta, pamene ku Britain petulo ankagulitsidwa mopimira mpaka mu 1950. A Perkins ankagulitsa injini pamodzi ndi miyendo yake ndi zitsulo zolumikizira zoyenera mtundu wa lole yanu, kuti galaja wamba ithe kumaliza ntchitoyo. Mathirakitala a Fordson nawonso ankalandira P6, ndipo ku India kampani ya Simpson ya ku Madras idayamba kupanga injinizi ndi chilolezo m'zaka za m'ma 1950. A Bedford adachita zomwe adachita a Kenworth: mu 1953 adayamba kugulitsa malole oikidwa kale injini ya Perkins, ndipo mu 1957 adatulutsa injini yawoyawo ya dizilo.

Mapeto a Bedford akutifotokozera chifukwa chimene ntchito yosintha injini sidafe ngakhale malole onse akuluakulu atasanduka a dizilo. Kampani ya General Motors, mwini wake wa Vauxhall, idasiya kupanga malole akuluakulu a Bedford mu 1986. Fakitale ya ku Dunstable idagulidwa mu 1987 ndi kampani ya AWD, imene idapitiriza mitundu ina ndi injini za Perkins, koma nayo idagwa mu 1992. Malole a mtundu wa TJ ndi TK amene adali atafalikira mu Africa ndi ku Asia adasanduka ana amasiye. Chassis ya lole yotere imakhalitsa kuposa injini, ndipo zipangizo za injini yake zikayamba kusowa, mwini wake amatsala ndi njira ziwiri: kuikhazika pa miyala kuseri kwa nyumba, kapena kupeza injini ya kampani imene zipangizo zake zikupezeka m'sitolo. Kusintha kwa masiku ano, kochotsa ya dizilo n'kuika ya dizilo inzake, kumachokera pamenepa.

Pamene boma lidalamula kusintha

Kufupi ndi kwathu kuno kudachitika kusintha injini kwa mtundu wina, kochititsidwa ndi ndale. Mu 1977 bungwe la United Nations lidaletsa mayiko kugulitsa zida za nkhondo ku South Africa chifukwa cha tsankho. Boma la azungu la kumeneko lidaopa kuti tsiku lina injini za malole ndi mathirakitala nazonso zidzatsekeredwa, zomwe zikadaimitsa asilikali, minda ndi migodi. Tsono lidakhazikitsa fakitale ya Atlantis Diesel Engines, mwachidule ADE, m'tauni ya Atlantis kumpoto kwa Cape Town, ndipo injini zidayamba kutuluka mu 1981. Zidali za mapulani a Daimler-Benz ndi a Perkins, zopangidwa ndi chilolezo. Injini zochokera kunja zidaikidwa msonkho waukulu kotero kuti wopanga malole amene ankafuna kukhalabe pamsika umenewo adakakamizika kumanga injini ya ADE m'lole yake.

Zotsatira zake zidali malole a dzina la ku Japan kapena la ku America otuluka m'fakitale ali ndi injini ya mapulani a ku Germany kapena a ku Britain. Mainjiniya a makampani amenewo adakumana ndi mavuto omwe aja a miyendo, magiya ndi rediyeta, kungoti iwo adali ndi zipangizo zoyesera. Injini ya ADE 352 ndi mbale wa OM352 ya Mercedes-Benz, ndipo ADE 236 ndi mbale wa Perkins 4.236, imenenso imapezeka m'mathirakitala ambiri a Massey Ferguson. Tsankho litatha ndipo chitetezo cha msonkho chitachotsedwa m'zaka za m'ma 1990, fakitaleyo idasiya kupanga injini zathunthu. Koma injini zake zidali zitafalikira kale m'mayiko oyandikana, ndipo popeza n'zopanda kompyuta komanso zimagawana zipangizo ndi abale ake aja, zidakhala zokondedwa ndi osintha injini. N'chifukwa chake dzina la ADE si lachilendo m'magalaja a chigawo chino.

Zotsala kwa ife

Ntchitoyi lero ikukumana ndi khoma latsopano. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 injini za malole zidayamba kulamulidwa ndi kompyuta, imene imafuna kulankhulana ndi giyabokosi, mabuleki ndi mawotchi a pa deshibodi. Injini yotere ukaichotsa m'lole yake imakhala ngati munthu wosiyidwa m'dziko la chilankhulo china. Makaniko wa mawa adzafunika kudziwa mawaya ndi kompyuta monga momwe wa dzana ankadziwira kuwotcherera, ndipo ana amene adzachite zimenezi ali m'makalasi mwathu panopa.

Kwa aphunzitsi anzanga ndingoti, tikamaphunzitsa mbiri ya makina timakonda kutchula woyambitsa ndi chaka chake, n'kupitirira. Koma pakati pa Augsburg mu 1897 ndi lole imene yabweretsa feteleza pamsika wa kwanu pali dalaivala wa giredi 8, eni mabasi a ku Nottingham, ndi amakaniko osawerengeka amene mayina awo sadalembedwe paliponse. Mwana akatiuza kuti akufuna kudzakhala makaniko tisamuyang'ane ngati walephera.

Kwa inu ana athu akale amene muli ndi malole kapena mumawakonza, ntchito yanu ili ndi makolo olemekezeka, ndipo musachite nayo manyazi. Koma tengani cholowa chonse, osati theka. Injini ikalira koyamba m'lole yachilendo anthu amaomba m'manja ngati ntchito yatha, chikhalirecho yangoyamba. Werengetsani magiya. Onani ngati kilatchi ndi mashafuti zingapirire. Kalembetseni nambala ya injini yatsopano m'mapepala a galimoto. Koposa zonse funsani chimene chidzagwire loleyo pamtsetse itasenza matumba, pamwamba patakhala anthu. Cummins adapulumuka chifukwa sitima idafulumira pang'ono chabe, ndipo mwayi wotere sugwera aliyense.

 Amene muli ndi zowonjezera, makamaka inu a m'magalaja, lembani m'munsimu kuti tonse tiphunzire.